Ntchito ya Pulofesa wa Sayansi ya Zakudya: Kuchokera Pamsika wa Chiponde Kufika m'Labotale

Pulofesa wa sayansi ya zakudya ndi mphunzitsi wa pa yunivesite amene amafufuza zomwe zili m'chakudya, mmene chimasinthira chikakololedwa, chikaumitsidwa, chikaphikidwa kapena chikasungidwa, ndiponso ngati n'choyenera kuti munthu adye. Udindowu umabwera patapita zaka zambiri munthu akuphunzitsa, akufufuza ndi kusindikiza zomwe wapeza, ndipo kawirikawiri amapatsidwa labotale yoti aziiyang'anira pamodzi ndi anthu ogwiramo ntchito. M'Malawi muno akatswiri otere amapezeka makamaka ku LUANAR, yunivesite ya zaulimi yomwe inayamba kuima payokha mu 2012 kuchokera ku Bunda College. Ena ali ku MUBAS mumzinda wa Blantyre, ku MUST m'boma la Thyolo ndi ku University of Malawi ku Zomba. Kafukufuku wa kadyedwe ka ana ndi amayi amachitika kwambiri pansi pa KUHeS, yomwe inapangidwa pophatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing.

Malabotalewa ali kutali ndi Chiponde, msika wa m'malire a Malawi ndi Mozambique kum'mawa kwa boma la Mangochi. Komabe mafunso amene amayankhidwa m'malabotalewo amabadwira m'misika yonga umenewu, ndipo phindu la mayankho ake limaonekera komweko. Ntchito ya pulofesa imamveka bwino ikalondoledwa monga momwe chakudya chimayendera: chimachoka m'thumba la pamsika, n'kulowa m'labotale, n'kusanduka nambala, kenako nambalayo imabwerera kwa mlimi, kwa msodzi ndi kwa mayi wophika. Paliponse m'njiramo nambalayo ikhoza kupotoka, ndipo mbali yaikulu ya ntchito ya tsiku ndi tsiku ya pulofesa ndi kuonetsetsa kuti ikhale yoona.

Kumene mafunso amachokera

Chiponde inayang'anizana ndi tauni ya Mandimba ya m'chigawo cha Niassa. Msewu wochokera pa boma la Mangochi umawoloka mtsinje wa Shire n'kukwera mapiri kudzera ku Namwera usanafike pachipata. Wina umalowera ku Ntaja ndi ku Liwonde, ndipo kutsidya kuli njira za ku Cuamba ndi ku Lichinga. Choncho pamsikawu pamakumana zakudya za madera awiri. Kumtunda kumachokera chimanga, mtedza, nandolo, nyemba ndi chinangwa, pomwe ku Nyanja ya Malawi ndi ku Malombe kumachokera usipa, utaka, kambuzi ndi nsomba zowamba. Katundu wambiri amawoloka malire pa njinga zakapalasa ndi zamoto, m'matumba osalembedwa kumene anakololedwa kapena nthawi imene wakhala akusungidwa.

Chakudya chilichonse pamenepa chili ndi funso lake. Pa mtedza ndi chimanga funso ndi la chuku. Pa nsomba youma ndi la mchenga, ntchentche, tizilombo toyambitsa matenda ndi mafuta amene amawonongeka nsomba ikakhalitsa. Chinangwa chowawa chili ndi poizoni wa cyanide, yemwe amachoka pokhapokha chikaviikidwa kapena kuyanikidwa mokwanira. Mu 1981, pa nthawi ya chilala, anthu oposa 1,000 a m'chigawo cha Nampula analumala miyendo ndi matenda a konzo atadya chinangwa chokonzedwa mothamanga. Mchere uyenera kukhala ndi ayodini, ndipo shuga ndi mafuta ophikira ziyenera kukhala ndi vitamini A monga malamulo a dziko lino amanenera, koma zolowa m'njira zachidule sizidutsa m'manja mwa woyeza aliyense. Thobwa ndi zakumwa za malambe zimadalira ukhondo wa madzi, nkhani imene inakula pa mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023, womwe unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno ndipo unakantha kwambiri boma la Mangochi. Pamwamba pa zonsezi pali kupinimbira kwa ana: kafukufuku wa boma wa mu 2015 ndi 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Pulofesa amasankha pa mafunso amenewa, potengera luso lake, zipangizo zimene ali nazo ndi ndalama zimene angathe kupeza.

Mmene tsiku limagawikira

Ambiri amaganiza kuti pulofesa amatandala m'labotale atavala chovala choyera. Zoona zake n'zakuti nthawi yake imagawika pazinthu zinayi: kuphunzitsa, kufufuza, kuyendetsa labotale ndi kutumikira anthu a kunja kwa sukulu. Sukulu ikatsegulidwa, m'mawa wambiri umathera m'kalasi, momwe amaphunzitsa za makemikolo a m'zakudya, za tizilombo ting'onoting'ono, za kakonzedwe ndi kasungidwe ka zakudya, ndi za malamulo a ukhondo. Masana kumakhala maphunziro ochita ndi manja, omwe amafuna kuti ophunzira agawidwe m'magulu chifukwa zipangizo n'zochepa. Zolemba zoti achonge zimapita naye kunyumba.

Asanalowe m'kalasi, pulofesa wosamala amayamba wadutsa m'labotale. Amafunsa ngati magetsi anazima usiku, ngati mafuriji akuzizirabe, ngati madzi oyeretsedwa alipo, ndiponso ngati masampulo amene anaikidwa mu uvuni dzulo atulutsidwa pa nthawi yake. Amene amayankha mafunsowa ndi matekinishani. Anthu amenewa ndiwo amagwira makina tsiku ndi tsiku, amadziwa sikelo imene imavuta ndi botolo limene latsala pang'ono kutha, ndipo labotale yotaya tekinishani wodziwa ntchito imabwerera m'mbuyo kuposa yotaya makina. Kamodzi pa mlungu gulu lonse limakumana. Wophunzira aliyense wa digiri yachiwiri kapena yachitatu amaonetsa zimene wapeza, anzake n'kumufunsa, ndipo pulofesa amagamula ngati ntchitoyo ipitirire kapena ibwerezedwe. Nthawi yotsalayo imadyedwa ndi misonkhano ya dipatimenti, makalata ogulira katundu, malipoti a ndalama ndi makomiti a boma amene amafuna uphungu wa katswiri.

Kutenga masampulo

Kulakwitsa kochuluka kumachitikira pamsika, makina asanayatsidwe n'komwe. Thumba la mtedza la makilogalamu 50 silikhala lofanana mkati monse, ndipo mtedza wotapa pamwamba pokha sungaimire thumba lonse. N'chifukwa chake wofufuza amatapa pang'onopang'ono pamwamba, pakati ndi pansi, m'matumba angapo, n'kusakaniza, n'kugaya zonse, kenako n'kutengapo pang'ono zokayeza. Pulofesa amalemba ndondomeko imeneyi ulendo usanayambe: misika ingati, ogulitsa angati pamsika uliwonse, ndiponso nyengo iti. Chimanga choyezedwa mu Juni, chitangokololedwa, sichifanana ndi cha mu Januwale chimene chakhala m'nkhokwe miyezi isanu ndi iwiri ndipo chalandira chinyezi cha dzinja.

Gulu lofufuza silingangofika pamsika n'kuyamba kutapa. Limayamba ladziwitsa akuluakulu a khonsolo ya boma, alangizi a zaulimi ndi a zaumoyo, mafumu ndi komiti ya msika. Masampulo amagulidwa pa mtengo wa pamsika, ndipo dzina la wogulitsa sililembedwa papaketi, pamalembedwa nambala yokha, kuti munthu asaope kuti katundu wake alandidwa. Paketi iliyonse imalembedwa tsiku, malo ndi mtundu wa chakudya. Nsomba yaiwisi, thobwa ndi madzi zimaikidwa m'mabokosi oziziritsa okhala ndi ayezi, chifukwa ulendo wochoka ku Chiponde kupita ku Zomba, ku Blantyre kapena ku Lilongwe ndi wa maola angapo ndipo umadutsa m'chigwa chotentha. Ayezi akasungunuka panjira, tizilombo timaswana m'bokosi momwemo, ndipo chimene labotale ingayeze ndi ulendowo, osati chakudya cha pamsika. Masampulo otere amatayidwa, ngakhale mafuta a galimoto atawonongeka kale.

Zimene zimachitika m'labotale

Ntchito yoyamba ndi kupeza zomwe zili m'chakudya. Chinyezi chimapezeka poyeza kulemera kwa sampulo isanalowe ndi itatuluka mu uvuni wotentha madigiri 105. Mchere wa m'thupi wonse pamodzi umapezeka potentha sampulo pa madigiri 550 mpaka itasanduka phulusa. Mapuloteni amayezedwa ndi njira imene Johan Kjeldahl wa ku Denmark anatulukira mu 1883: sampulo imaphikidwa mu asidi, nayitulojeni wake n'kuwerengedwa, kenako n'kuchulukitsidwa, kawirikawiri ndi 6.25. Mafuta amatsukuluzidwa ndi chipangizo cha Soxhlet cha mu 1879. Njirazi n'zakale koma zikudaliridwabe, ndipo nambala zochokera m'ntchito yotere ndi zimene zimadzaza mabuku onga ndandanda wa zakudya za ku Malawi wa mu 2019, womwe LUANAR inakonza mogwirizana ndi akatswiri a ku South Africa ndi a ku Tufts University. Popanda ndandanda wotere, woona za kadyedwe sangadziwe kuti mbale ya nsima ya mgaiwa ndi usipa yamupatsa chiyani mwana.

Chipinda cha tizilombo chili ndi malamulo ake. Zipangizo zimaphikidwa mu nthunzi yotentha madigiri 121 kwa mphindi 15. Sampulo imasungunulidwa, n'kupakidwa m'timbale tokhala ndi chakudya cha tizilombo, ndipo timbaleto timasungidwa pamalo ofunda kwa tsiku limodzi kapena awiri. Kenako timagulu ta tizilombo timene tamera timawerengedwa. E. coli akapezeka, ndiye kuti chakudyacho chinakhudzana ndi chimbudzi cha munthu kapena cha chiweto. Salmonella sayenera kupezeka n'komwe m'chakudya chodyedwa osaphikanso.

Pulofesa sakhulupirira nambala chifukwa chakuti yatuluka m'makina. Sampulo iliyonse imayezedwa kawiri kapena katatu. Pambali pake pamayezedwa botolo lopanda kanthu ndi sampulo ina yodziwika kale mlingo wake, kuti zioneke ngati makina sakunama. Zonse zimalembedwa m'buku la labotale ndi inki, tsiku lomwelo, ndipo cholakwika chimadulidwa ndi mzere umodzi osafufutidwa. Malabotale ofuna kuti zotsatira zawo zivomerezedwe kunja amatsata muyezo wa ISO/IEC 17025. Udindo wopereka chiphaso ku katundu wa pamsika uli m'manja mwa Malawi Bureau of Standards, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 1972, koma miyezo yake imalembedwa m'makomiti momwe aphunzitsi a m'mayunivesite amakhalamo.

Chuku cha mtedza ndi chimanga

Palibe nkhani imene yadya nthawi ya akatswiri a zakudya m'Malawi kuposa ya chuku. Chuku cha mtundu wa Aspergillus flavus chimakhala m'nthaka, ndipo chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Poizoniyu anadziwika nkhukundembo zoposa 100,000 zitafa ku England mu 1960 chifukwa chodya chakudya cha mtedza wochokera ku Brazil. Akachuluka amapha msanga, monga zinachitikira kum'mawa kwa Kenya mu 2004 pomwe anthu 125 anamwalira atadya chimanga chowonongeka. Akamalowa m'thupi pang'onopang'ono kwa zaka zambiri amayambitsa khansa ya chiwindi, makamaka mwa anthu amene ali ndi kachilombo ka hepatitis B. Alibe fungo, sakoma mwachilendo, ndipo kukazinga kapena kuwiritsa sikumuthetsa.

Mlingo wake umawerengedwa m'ma ppb, kutanthauza gawo limodzi mwa magawo 1 biliyoni. Mayiko a European Union salola mtedza wodyedwa ndi anthu kupitirira ma ppb 4, pomwe United States imalola 20. Pa mlingo waung'ono chonchi, njere imodzi yovunda imatha kuipitsa sampulo yonse, ndipo n'chifukwa chake katapidwe kamafuna chisamaliro chachikulu. M'labotale ufa wa mtedza umasakanizidwa ndi methanol kuti poizoniyo atuluke. Kenako amayezedwa ndi timapepala tosintha mtundu m'mphindi zochepa, kapena ndi njira ya ELISA, kapena ndi makina a HPLC, omwe ndi odalirika kwambiri koma okwera mtengo.

Kafukufuku waonetsa pomwe vutoli limalowera. Mtedza wovutika ndi ng'amba kumapeto kwa nyengo, wokumbidwa mochedwa, wobooledwa ndi chiswe kapena khasu, woyanikidwa padothi, ndi wowazidwa madzi kuti makoko afewe pouswa, ndi umene umagwidwa kwambiri. Mtedza woswa uyenera kuuma mpaka chinyezi chitatsika kufika pa 7 kapena 8 peresenti, ndipo chimanga pa 13. Pulofesa Limbikani Matumba wa ku LUANAR ndi anzake anasonyeza kuti kusankha chimanga ndi manja, kuchotsa njere zovunda ndi zosweka, kumachepetsa kwambiri poizoni wa chuku. Anayerekezanso njira ziwiri zoyanikira mtedza m'munda ndipo anapeza kuti kuwunjika kotchedwa Mandela cock, komwe kunkalimbikitsidwa kwa alimi, kunkatulutsa aflatoxin wambiri kuposa kungotembenuza mtedza m'mizere kuti makoko ayang'ane kudzuwa. Apa mpomwe phindu la labotale limaonekera: uphungu womveka wanzeru umayesedwa, ndipo ukalephera umasinthidwa.

Pali mbali ina yowawa. Mtedza wabwino ukasankhidwa kuti ukagulitsidwe, wotsalawo suwotchedwa. Umagulitsidwa motsika mtengo, n'kusinjidwa, n'kukhala nsinjiro zothira m'ndiwo ndi m'phala la mwana. Pulofesa woganizira anthu ake sayeza katundu wopita kunja yekha, amayezanso nsinjiro za pamsika wa kumudzi.

Nsomba za kunyanja

Usipa ndi nsomba imene imagwidwa kwambiri m'Nyanja ya Malawi masiku ano, ndipo ndi ndiwo ya banja losauka. Popeza umadyedwa wonse, mutu ndi minga yomwe, umapereka kashiyamu, ayironi ndi zinki kuwonjezera pa mapuloteni. Vuto lake ndi loti umawonongeka m'maola ochepa. M'madoko a Mangochi umayanikidwa pa mathandala, wina umafutsidwa, wina umakazingidwa, ndipo nsomba zikuluzikulu monga kampango ndi mlamba zimawambidwa. M'dzinja mvula ikagwa masiku awiri otsatizana, usipa wa pathandala umanunkha, ntchentche n'kuikira mazira, ndipo mwini wake amagulitsa motaya. Kuwamba kumatha nkhuni zambiri, ndipo utsi ukachuluka umasiya pansomba makemikolo ena oyambitsa khansa. Ogulitsa ena amathira mankhwala osungira chimanga pa nsomba youma pofuna kuthamangitsa tizilombo, zomwe zimaika wogula pachiswe.

Pofuna kuthana ndi mavutowa, akatswiri a ku Chancellor College, a nthambi ya boma yofufuza za nsomba ku Monkey Bay ndi a bungwe la WorldFish anayesa matenti oumitsira nsomba ndi dzuwa, ndi thandizo la mabungwe a IDRC a ku Canada ndi ACIAR a ku Australia. Tentiyo ndi kanyumba kokutidwa ndi pulasitiki yoonekera, kokhala ndi mathandala mkati ndi mipata yotulutsira mpweya wachinyezi. Mvula, fumbi ndi ntchentche sizilowa. Ntchito ya labotale pamenepa ndi kuyerekeza usipa wa mutenti ndi wa pathandala la panja: chinyezi chotsala, kuchuluka kwa tizilombo, kuwonongeka kwa mafuta, ndi masabata amene nsombayo ingasungike. Koma zotsatira zabwino za m'labotale sizokwanira. Kumanga tenti kumafuna ndalama zambiri, pulasitiki imang'ambika, ndipo tsiku limene nsomba zaphedwa zochuluka tenti imachepa. Choncho pulofesa wa zakudya amagwira ntchito ndi akatswiri a zachuma, a Malawi College of Fisheries ku Mpwepwe, makomiti a m'madoko ndi amayi oumitsa nsomba, omwe ndi amene amagamula ngati luso latsopano likhazikike kapena lisiyidwe.

Kafukufuku wokhudza anthu

Boma la Mangochi ndi limodzi mwa madera amene kadyedwe ka ana kafufuzidwa kwambiri mu Africa. Ku Lungwena, College of Medicine inayamba kugwira ntchito ndi yunivesite ya Tampere ya ku Finland m'zaka za m'ma 1990, ndipo mayina a Pulofesa Kenneth Maleta ndi Pulofesa Per Ashorn amadziwika pa ntchitoyi. Maziko ena a kafukufukuyu ndi chiponde cha kuchipatala, chosakaniza mtedza, mkaka waufa, shuga, mafuta, mavitamini ndi mchere wa m'thupi. Chakudyachi chinapangidwa koyamba ku France mu 1996, ndipo Dr Mark Manary anachiyesa ku Blantyre kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 n'kusonyeza kuti ana onyentchera kwambiri angathe kuchirira kunyumba. Paketi imodzi ya magalamu 92 imapereka makalori 500, ndipo popeza mulibe madzi, tizilombo sitiswanamo.

Pulojekiti ya iLiNS inayesa ngati kachakudya kochepa ka mtundu womwewu kangateteze ana kuti asapinimbire, ndipo Namwera anali amodzi mwa malo ake. Ku Malawi ana sanatalike monga ankayembekezera, ngakhale kuti zotsatira za mayiko ambiri zitaphatikizidwa phindu linaoneka. Kafukufuku wa Mazira, yemwe anachitika ku Lungwena ndi ku Malindi mu 2018 ndi 2019, anapatsa ana dzira limodzi patsiku kwa miyezi isanu ndi umodzi, koma msinkhu wawo sunasiyane ndi wa anzawo. Chimodzi mwa zifukwa zimene ofufuzawo anatchula n'chakuti ana a m'mbali mwa nyanja amadya kale nsomba. Zotsatira zotere zimasindikizidwa monga momwe zilili, chifukwa zimapulumutsa boma kuti lisawononge ndalama pa chinthu chosathandiza m'dera limenelo.

Kafukufuku aliyense wokhudza anthu amayamba wavomerezedwa ndi komiti yoona za ufulu wa otenga mbali, monga COMREC kapena NHSRC. Ku Chiponde ndi ku Namwera anthu ambiri ndi Ayao ndipo ndi Asilamu, choncho mafomu a chilolezo ndi mafunso amakonzedwa m'Chiyao ndi m'Chichewa, chakudya choyesedwa chiyenera kukhala cha halaal, ndipo kufunsa za kadyedwe m'mwezi wa Ramadan kumapereka chithunzi chosiyana ndi cha miyezi ina. Kutenga magazi kumafuna kufotokoza modekha pamaso pa mafumu ndi mashehe, makamaka chichitikireni mphekesera za anamapopa za mu 2017 m'chigawo cha kummwera. Ngakhale kulawitsa chabe kuli ndi ndondomeko yake. Nsima ya chimanga cha olenji, phala la mbatata yofiira mkati yonga Kadyaubwerere, kapena phala lothira ufa wa usipa zimaperekedwa m'timbale tolembedwa manambala, aliyense n'kulawa payekha, ndipo mayi ndi amene amanena ngati mwana wake angadye.

Ndalama, magetsi ndi zipangizo

Ndalama zimene boma limapereka ku mayunivesite zimathera kwambiri ku malipiro ndi kuphunzitsa. Zofufuzira pulofesa amazisaka yekha polemba mapulopozo opita ku National Commission for Science and Technology, ku RUFORUM yomwe likulu lake lili ku Kampala, ku mayiko monga Norway, United States ndi Britain, kapena ku World Bank, yomwe inathandiza kukhazikitsa likulu la maphunziro a nsomba la AquaFish ku LUANAR. Pulopozo imodzi imatenga masabata, ndipo zambiri zimakanidwa. Yopambana imabwera ndi malipoti ake, ma oditi ake ndi tsiku lake lotsekera. Pali ngozi yoti wopereka ndalama ndiye azisankha funso, ndipo pulofesa wokhwima amadziwa kukambirana kuti funso la kwawo lisatayike.

Pafupifupi mankhwala onse a m'labotale amagulidwa kunja. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kutsitsidwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, bajeti zolembedwa m'makwacha zinaperewera pakati pa ntchito, ndipo kusowa kwa ndalama zakunja kumachedwetsa katundu kwa miyezi. Makina a HPLC akawonongeka, wokonza wake kawirikawiri amachokera ku South Africa kapena ku Kenya. Magetsi nawo ndi nkhawa ya tsiku ndi tsiku. Namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Furiji ikazima usiku umodzi, masampulo a chaka chathunthu amawonongeka, choncho jenereta, dizilo ndi mabatire a sola zimalowa m'bajeti patsogolo pa zina zonse. Zimene sizingayezedwe kuno zimatumizidwa kunja pa mgwirizano wolembedwa, wonena mwini masampulo ndi mwini zotsatira.

Kulera akatswiri ndi kusindikiza

Chimene pulofesa amasiya chokhalitsa ndi anthu amene wawaphunzitsa. Wophunzira wa digiri yachiwiri amatenga zaka ziwiri, wa udokotala zitatu kapena zinayi, ndipo pa nthawi yonseyi pulofesa amawerenga zolemba zake mobwerezabwereza, amamufunira ndalama ya fizi ndi ya kumunda, ndiponso amamuphunzitsa kunena zoona pamene zotsatira zakana zimene ankayembekezera. Ophunzirawa ndi amene amadzakhala oyang'anira ubwino wa katundu m'mafakitale a shuga, mkaka, mafuta ndi Likuni Phala, oyeza a Malawi Bureau of Standards, ndi maofesala a kadyedwe m'maboma.

Zopeza zimalembedwa n'kutumizidwa ku magazini a sayansi, komwe akatswiri ena osadziwika kwa wolembayo amazisanthula, n'kuzibweza kuti zikonzedwe kapena kuzikana. Kukwezedwa pantchito kumadalira kwambiri zosindikizazi, ndipo izi zimabweretsa mayesero awiri: kuthamangira magazini achinyengo amene amasindikiza chilichonse munthu akalipira, ndi kukometsa nambala. Yesero lachitatu limachokera kwa wamalonda wofuna kuti katundu wake alembedwe kuti ndi wabwino. Labotale ikagwa kamodzi pa zimenezi, nambala zake zonse, zakale ndi zam'tsogolo, zimakayikiridwa.

Kubweza zotsatira kwa eni chakudya

Pepala lolembedwa m'Chingerezi n'kusindikizidwa ku London silisintha kayanikidwe ka mtedza ku Namwera. Gawo lomaliza la ntchito ndi kumasulira zopezazo kuti zikhale malangizo oti munthu angathe kutsata: kukumba mtedza pa nthawi yake, kusauwaza madzi pouswa, kuyanika chimanga pamphasa kapena palona, kusunga m'matumba osalowa mpweya a PICS, kutaya njere zovunda osazipatsa ana, kuviika chinangwa chowawa masiku okwanira, ndi kusathira mankhwala a chimanga pansomba. Uthengawu umadutsa mwa alangizi, m'magulu a amayi, m'mizikiti ndi m'matchalitchi, komanso pa mawayilesi a m'madera. Kwa akuluakulu a boma pulofesa amalemba mwachidule, m'masamba awiri kapena atatu, zimene lamulo kapena muyezo uyenera kusintha.

Apa ndi pomwe ntchito imatsalira kawirikawiri, chifukwa ndalama za pulojekiti zimatha gulu lisanabwerere kumene linatenga masampulo, ndipo kubwererako sikuwerengedwa mokwanira pokweza munthu pantchito. Zinthu zitatu zingathandize kusintha zimenezi: ndalama za m'dziko muno zolipirira mafunso a m'dziko muno, zipangizo zoyezera mwachangu chuku, chinyezi ndi ayodini m'misika ya m'malire yonga Chiponde, ndi lamulo la yunivesite loti kafukufuku asatsekedwe eni chakudya asanauzidwe zotsatira m'chilankhulo chawo. Labotale ya sayansi ya zakudya imayezedwa ndi zinthu ziwiri: ngati nambala zake n'zoona, ndiponso ngati zafika kwa anthu amene amalima, kugulitsa ndi kudya chakudyacho.